Kaloboti kosesa kakungoyendayenda koma fumbi kakulisiya

Naphiri_Chalala
Abale ndithandizeni. Mlamu wanga anandibweretsera kamakina kosesa kozungulira kaja kuchokera ku Johannesburg mwezi wa Epulo. Miyezi yoyambirira kankagwira ntchito bwino zedi, ndikaweruka ndinkapeza pabalaza pali mbee. Koma chiyambire Ogasiti mphamvu zinayamba kuchepa, ndipo sabata ino kakungozungulira ngati mlendo wosochera ku Soweto Market, phokoso lokha, mchenga wa pakhomo kakungoudutsa. Kabokosi ka fumbi ndimakhuthula tsiku lililonse. Loweruka ndinakatsuka ndi sopo wa mbale pamodzi ndi kasefa kake koyera kaja, n'kubwezera. Chichokereni tsiku limenelo zangoipiraipira, ndipo kakayamba kuyenda m'nyumba mukumveka fungo la chikolopa chimene chagona m'ndowa masiku atatu. Kodi ndakapha? Bambo a kunyumba akuti ndingokaika pamwamba pa wodilobu tibwerere ku tsache.

Wakummawa_Original
Bambo a kunyumba anena zoona. Tsache silifuna kutchaja, silifuna app, ndipo likatha mumagula lina pamsika osadikira mlamu.

Mmisiri_Kamwala
Amayi musathamangire kukataya. Ndiyankheni kaye izi. Ndi ka kampani iti? Mutatsuka kasefa kaja, kamene ndi fyuluta, munaiyanika nthawi yaitali bwanji? Ndipo mukachotsa kabokosiko, m'mbali mwake muli tizitsulo tonyezimira ngati ta pa batire ya foni?

Naphiri_Chalala
Dzina lake sindinalimvepo kwina kulikonse, ndipo kabuku kake ana anajambulamo mpaka kanatha. Tizitsulo palibe, ndi pulasitiki yokhayokha yoonekera mkati. Za kuyanika ndisaname achimwene, sindinayanike. Ndinapukuta ndi thaulo, ndinaika pawindo nthawi imene ndinkaphika ndiwo, kenako n'kubwezera chifukwa kunkabwera azimayi a kutchalitchi.

Mmisiri_Kamwala
Ndiye simunakaphe ayi, mwangokatseka mphuno.

Kamakina aka kamagwira ntchito ndi mpweya. Burashi yapansi imangotukula zinyalala, koma chimene chimazikokera mkati ndi fani yaing'ono imene imayamwa mpweya kuchokera pansi, kulowa m'kabokosi, kudutsa pa fyuluta, n'kutulukira kumbuyo. Fyuluta ikatsekeka, mota imalirabe ngati kale, mwinanso kuposa, koma palibe chimene ikukoka. Mukufuna kudziwa mmene ikumvera, phimbani pakamwa ndi chitenje chonyowa muyese kupuma.

Fyulutayo ndi pepala lopindidwa mizeremizere. Mukaipukuta ndi thaulo pamwamba pamaoneka pouma, koma m'makwinya mwake madzi amakhalamo mpaka tsiku lotsatira. Tsono fumbi la ku Chalala mukulidziwa, lofiira, losalala ngati ufa woyera, ndipo poti mbali zonse anthu akumanga, limabwera losakanikirana ndi simenti. Likakumana ndi chinyezi limasanduka phala, likauma ndi pulasitala. Fungo mukumvalo ndi chuku chimene chayamba m'makwinyamo.

Chitani chonchi. Kazimitseni kaye. Kabokosi ena mumatukula chivundikiro cha pamwamba n'kukakoka ndi chogwirira, ena muli batani kumbuyo, mumadina n'kukasolola ngati dilowa. Osakakamiza, kakakana ndiye kuti batani simunalidinikize mpaka pansi. Kanyamuleni mosapendeka mpaka panja, chifukwa pakamwa pake pamatayikira. Mukakhuthula, chotsani fyuluta pogwira kakhutu kake ka m'mbali, osaikoka papepala. Igogodeni pang'onopang'ono m'mphepete mwa bini mpaka fumbi lisiye kugwa, kenako tengani mswachi wakale wouma muyendetse motsata mizere, osati mopingasa. Kabokosi kanu poti kalibe zamagetsi, katsukeni ndi madzi ofunda okha, sopo ayi chifukwa amasiya ulimbo umene fumbi limakakamirako. Kaumitseni pamthunzi podutsa mphepo tsiku lathunthu. Pobwezera mumve kakulira kuti tha. Kakapanda kulira sikanakhale bwino ndipo mpweya uzithawira m'mbali.

Musanabwezere, unikani ndi tochi ya foni pamalo pamene kabokosi kamakhala. Pali kanjira kochokera ku burashi. Pamenepo ndi pamene pamakakamira zinthu, ndipo anthu ambiri sayang'anapo.

AtateAMapasa
Amayi thokozani Mulungu kuti kanu kalibe tizitsulo. Ine kanga ndinagula kwa mzungu wina ku Kabulonga amene ankagulitsa katundu akubwerera kwawo. Kanali kakale koma kamphamvu. Tsiku lina ndinaona kabokosi kada, ndinati lero uona. Beseni, madzi, Boom, ndinakaviika mmenemo n'kupita kukaonera mpira. Pobwera ndinakatsukuluza bwinobwino, kuyanika masiku awiri, kubwezera. Kanayenda ndithu, mawilo akuzungulira, burashi ikuzungulira, koma zii, phokoso loyamwa lija palibe. Nditakatsegula ndi sikuludilaiva ndipamene ndinaona kuti mota yoyamwa inali mkati mwa kabokosi momwemo, yachita dzimbiri ngati msomali wa pa chimbudzi cha panja. Mayi a mapasa mpaka lero akafuna kundinyoza pagulu amayamba ndi nkhani imeneyi.

Mmisiri_Kamwala
N'chifukwa chake ndinafunsa za tizitsulo. Maloboti akale a mtundu wa Roomba, a nambala 500 ndi 600, fani yake ili m'kabokosi, tizitsuloto ndi todutsira magetsi. Amenewo mumangopukuta ndi kansalu kouma basi. Atsopano monga e5, i7 ndi j7 anasamutsira mota m'thupi la loboti, ndiye kabokosi mukhoza kutsuka, koma mutachotsa fyuluta, chifukwa fyuluta ya Roomba siyenera kukhudza madzi. Eni ake, a kampani ya iRobot, amati muzikhuthula kabokosi kakamaliza kusesa, fyuluta muziigogoda kamodzi pa sabata, kawiri ngati muli ndi galu kapena mphaka, ndipo muzisintha pakatha miyezi iwiri.

Chikondi_Ibex
Pepani a Mmisiri koma apa mukuopseza anthu chabe. Ine fyuluta ndimatsuka pampopi sabata ziwiri zilizonse, chaka chachiwiri tsopano, palibe chimene chachitika. Nkhani yoti osatsuka ndi ya ogulitsa, akufuna tizigula zatsopano.

Mmisiri_Kamwala
Kanu ndi ka mtundu wanji achemwali?

Chikondi_Ibex
Roborock.

Mmisiri_Kamwala
Ndiye tonse tikunena zoona. Za Roborock anazipanga zotsukika, ndipo kabuku kake kamanenanso kuti muiumitse maola 24 musanabwezere. Mukalowa mu app muona kuti imawerengera fyuluta maola 150 ogwira ntchito, kenako imakuuzani kuti musinthe. Koma musatenge lamulo la m'nyumba mwanu kukalamulira kwa aneba. Fyuluta ya pepala wamba ikanyowa ulusi wake umafufuma, ikauma siibwereranso mwakale. Ka a Naphiri sitikudziwa kuti ndi ka mtundu uti, ndiye njira yosaluza ndi kugogoda ndi mswachi wouma.

Chikondi_Ibex
Chabwino, koma ine ndinenebe kuti miyezi iwiri ndi yochepa kwambiri. Ndani angakwanitse zimenezo ndi mitengo ya masiku ano?

Mphunzitsi_Matero
Ine ndikuona mosiyana, miyezi iwiriyo kwa ife kuno mwina ndi yambiri. Tizikumbukira kumene zinthuzi zinachokera. Kampani ya Electrolux ya ku Sweden inatulutsa kake kotchedwa Trilobite mu 2001, ndipo Roomba inatuluka ku America mu 2002. Anthu amene anazipanga ankaganiza za nyumba zotseka mawindo, za makapeti, kunja kuli udzu ndi tala. Tibokosi take tambiri sitifika ngakhale theka la lita, botolo la madzi akumwa laling'ono lija limaposa. Tsono bweretsani kamakina kameneko ku Lusaka mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuomba, msewu wa fumbi uli pageti, chitseko cha kukhitchini chili chotsegula tsiku lonse, ana akulowa ndi kutuluka ndi nsapato. Zimene kwawoko kamatola sabata yathunthu, kuno kamatola tsiku limodzi. Malangizo a m'kabuku tiziwawerenga ngati a nyengo ya mvula. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ya Novembala, fyuluta izigogodedwa tsiku lililonse.

Mulenga_Kabwata
Ambuya anga a kum'mawa mwatukuka mwe. Lero mwagula loboti yosesa, mawa mugula yokumba mbewa.

Wakummawa_Original
Ba Mulenga khalani chete, yanu yokwera mumtengo kukagwira anyani ili pa Nakonde, ikudikira msonkho.

Mulenga_Kabwata
Ikafika ndikuitanani ku phwando, mubwere ndi nsima yanu.

AuntyMtendere
Ndawerenga zonse, ndiloleni nanenso ndiyankhuleko poti ine ndi amene ndimagwira ntchito imeneyi ndi manja. Ndimagwira m'nyumba ina ku Woodlands, chaka chachisanu ndi chitatu. Madamu atagula kamakina aka anandiuza akuseka kuti Aunty, ntchito yanu yachepa. Ndinangoti zikomo madamu. Lero amene amakhuthula kabokosi ndi ine, amene amadula tsitsi lokulungika pa burashi ndi ine, amene amakatulutsa pansi pa sofa kakakodwa ndi waya wa tchaja ndi ine, ndipo kasanayambe ndimayenera kuyamba ndatola nsapato, zidole ndi makatani aatali. Ndili ngati ndikulera mwana wina amene sakula. M'makona ndi kuseri kwa zitseko ndimasesabe ndi tsache, chifukwa chinthu chozungulira sichingalowe pakona.

Koma sindikukanyoza. Pansi pa bedi ndi pansi pa makabati kamafika pamene msana wanga unasiya kufika.

A Naphiri, nazi zimene ndinaphunzira ndekha. Musamatsegule kabokosi pamwamba pa bini ngati mukuthira mchere m'ndiwo, fumbi limakubwererani kumaso. Tengani pulasitiki ya buledi kapena ya mu shopu, lowetsani kabokosi konse mkati, tsegulani kachitseko manja ali mkati momwemo, gwedezani, dikirani pang'ono fumbi likhazikike, ndiye tulutsani. Musanamange pulasitikiyo, yang'anani mkati ndi kamtengo. Ine ndinapezamo ndolo ya golide ya madamu imene anaifuna mwezi wathunthu, ndipo mukudziwa kuti m'nyumba mukasowa chinthu maso amayamba kuyang'ana ndani. Tsiku limenelo ndinapita nayo ili ndi fumbi lake lomwelo, sindinaipukute, kuti aone okha kumene inali. Chiyambire pamenepo sindikhuthula osayang'ana. Ndapezamo makobiri a 50 ngwee, mabatani a yunifomu, mikanda ya m'tsitsi la mwana, ngakhale dzino la mwana limene linasowa pansi pa pilo.

Chinanso, pakamwa pa kabokosi pali kachitseko kopyapyala kamene kamatseguka ndi mpweya. Kagwireni ndi chala muone ngati kakugwedezeka momasuka. Mwana akataya tiyi wa shuga pansi kamakina n'kudutsapo, kachitseko kameneko kamamatirira, ndipo zinyalala zimangounjikana panja pake.

Naphiri_Chalala
Aunty zikomo kwambiri, nkhani ya ndolo yandikhudza. Kachitseko mukunenako sindinakaonepo n'komwe, ndikaweruka ndikayang'ana.

Chikondi_Ibex
Aunty mwandichititsa manyazi. Kwathu ndinkaganiza kuti kabokosi kamachedwa kudzaza, kani mtsikana wathu amakhuthula ine ndisanadzuke.

AuntyMtendere
Mufunseni mwana wanga, akuuzani zambiri za kamakina kanu kuposa app.

Dalitso_Kalingalinga
Funso langa ndi ili, bwanji osangoiumitsa ndi draya ya tsitsi? Mphindi zisanu yauma. Kapena kuika padenga la galimoto masana, dzuwa la Okutobala limaumitsa jinzi mu ola limodzi.

Mmisiri_Kamwala
Jinzi ilibe chimango cha pulasitiki. Fyuluta ili ndi chimango chopyapyala ndi kalabala m'mphepete, ndipo pepala analimata ndi guluu. Kutentha kukachuluka chimango chimapindika pang'ono, mwina simungaone ndi maso, koma sichikhalanso thithithi pamalo pake. Mpata ukapezeka, mpweya umasiya kudutsa papepala n'kumadutsa pampatapo ndi fumbi lake lonse, molunjika ku mota. Pamthunzi, pakhonde, tsiku limodzi. Amene sangadikire agule ziwiri, ina ikamauma ina ikugwira ntchito.

Dalitso_Kalingalinga
Nanga kwa anyamata omata matayala? Ine ya galimoto amandipopera ndi kompuresa, imayera ngati yatsopano.

Mmisiri_Kamwala
Imayera chifukwa yabooka. Mphamvu ya kompuresa imang'amba timabowo tosaoneka. Mukaiunika ndi tochi kumbuyo muona tinyenyezi. Ya galimoto yomweyo musamachite zimenezo kawirikawiri, koma imeneyo ndi nkhani ya gulu lina.

AnaLibala
Palibe amene wanena za kobra, polishi wa pansi uja. Ife a nyumba zakale za khansolo pansi pathu ndi simenti yofiira, ndipo Loweruka lililonse timapaka. Mwana wanga atandigulira kamakina, ndinapaka polishi m'mawa n'kukayatsa kusanaume. Mayo ine. Mawilo anafiira, burashi inafiira, m'kabokosi fumbi linaumbika timibulu ngati chiponde, ndipo fyuluta inachita mafuta moti kugogoda sikunathandize. Kanasiyanso mizere pabalaza ponse ngati mwadutsa njinga. Tsopano ndimachita mosinthanitsa, kamakina kamayamba kusesa, ine ndimapaka pambuyo, ndimapukuta ndi burashi ya kuphazi mpaka kuwala, ndipo sikayendanso mpaka Lolemba. Kabokosi ndinakayeretsa ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda, kanatenga nthawi koma kanayera. Fyuluta ndiye inapita.

Wakummawa_Original
Mukuona? Agogo akugwira ntchito kawiri chifukwa cha chinthu chimene chinabwera kudzawapumitsa.

AnaLibala
Mdzukulu wanga, ukadzafika zaka zanga mawondo akadzayamba kulira ngati chitseko, udzabwere tidzakambirane za tsache.

Nesi_Chilenje
Ndionjezepo mbali ya umoyo. Fumbi limene mumaliona, mchenga ndi zinyenyeswa, silivuta kwambiri. Lovuta ndi losalala lija limene limakhala pa fyuluta, chifukwa ndi limene limalowa m'chifuwa. Ngati m'nyumba muli wa mphumu kapena mwana woyetsemula pafupipafupi, asakhale iye wokhuthula, ndipo musagogode fyuluta m'khitchini kapena pafupi ndi windo lotsegula. Pitani kuseri, muime mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Timasiki tija tinatsala m'madilowa nthawi ya Covid, apa ndi pamene tingagwire ntchito.

A Naphiri, fyuluta imene yayamba chuku ine ndingati itayeni ndithu. Mukaibwezera, kamakina kazingofalitsa chukucho chipinda ndi chipinda, ndipo kamapemerera pansi pamene mwana wokwawa amapumira.

Komanso musamangokhulupirira mawu akuti HEPA pa katoni. HEPA yeniyeni, mwa muyezo wa ku America, imagwira 99.97 peresenti ya tinthu tosaoneka ndi maso ta ma micron 0.3. Zotchipa zambiri za pa intaneti zimangobwereka dzinalo.

Salon_Chelstone
Ine vuto langa si fumbi koma tsitsi. Ndimaluka makasitomala ena kunyumba, ndipo ulusi wa mesh uja ukagwa pansi suoneka. Sufika n'komwe m'kabokosi, umakulungika kumapeto kwa burashi mpaka burashi kuima. Masiku atatu alionse ndimaichotsa, ndimavula tizisoti ta kumapeto, n'kudula ndi lezala motsata mzere. Tsiku loyamba ndinatulutsa tsitsi lokwanira kuluka mwana wa kusukulu ya mkaka. A Naphiri yang'ananinso kumeneko, mwina kabokosi mukukanamizira.

Tiyanjane_PHI
Inu nonse mukukamba za kusesa, ine ndikufunsa kuti mumatchaja ndi chiyani? Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, kwathu masiku ena magetsi ankabwera maola atatu okha, nthawi zina pakati pa usiku. Kanga kanakhala pakona miyezi ngati kamba, ndipo magetsi atayamba kukhazikika batire inali itafooka, mphindi khumi kafuna kubwerera potchajira.

AtateAMapasa
Nthawi imeneyo magetsi akabwera 2 koloko usiku nyumba yonse inkadzuka, wina kusita, wina kupopa madzi, wina kutchaja mafoni. Loboti inali yomaliza pamzere.

Mmisiri_Kamwala
Mabatire a lithium sakonda kugona alibiretu moto. Mukadziwa kuti kakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, katchajeni, kazimitseni kotheratu, muike pozizira, ndipo pakapita miyezi ingapo muzikapatsako moto. Amene muli ndi sola, doko lake lotchajirapo silidya magetsi ambiri, silingafanane ndi ketulo kapena ayironi. Ndipo onani kugwirizana kwake ndi nkhani yathu, fyuluta yotsekeka imasiya zinyalala, inu n'kumakayendetsa kawiri kapena katatu pamalo amodzi, batire n'kumatha msanga.

Chimwemwe_Roma
Bwanji osangogula kokhala ndi doko lodzikhuthulira kokha? Kakamaliza kamapita padoko, doko n'kuyamwa zonse kulowa m'thumba. Ine sindigwira fumbi milungu ingapo.

Mphunzitsi_Matero
Matumbawo mumawagula kuti achimwene?

Chimwemwe_Roma
Ndimaitanitsa kunja, ndisaname. Ndipo akachedwa ndimatsegula lakale ndi lumo, kukhuthula, n'kulitseka ndi zopanira zovala.

AuntyMtendere
Ndiye mwabwerera kwa ife tomwe. Ndipo doko limayamwa za m'kabokosi zokha, fyuluta ya m'kati mwa loboti imadabe. Kwa anzake a madamu kuli kotere, mnzanga amene amagwira kumeneko amagogodabe fyuluta sabata iliyonse.

Galu_Ndi_Mnzanga
Poti nkhani yafika pa zonyansa, ndiulule. Tinali ndi kagalu kakang'ono kosaphunzira, ndipo kamakina ndinakaika kuti kaziyamba kokha 5 koloko m'mawa. Zotsalazo ganizani nokha. Pabalaza, m'khonde, mpaka pakhomo la kuchipinda, mizere yokongola ngati wojambula. Kabokosi ndinatsuka katatu, fyuluta ndi burashi ndinataya, mawilo ndinachokosola ndi chotokosera m'mano nditavala magolovesi. Ndinamva kuti Roomba j7 imene inatuluka mu 2021 ili ndi kamera yozindikira zimenezi n'kuzilambalala. Ine ndinasankha njira yotchipa, galu amagona panja.

Mulenga_Kabwata
Ndinali kudya.

Dalitso_Kalingalinga
Tibwerere kwa a Naphiri. Ngati fyuluta ataya, yatsopano aipeza kuti poti dzina la kamakina silidziwika? Ine ndikuti adule siponji kapena masiki aike pamalopo, bola china chake chilipo.

Mmisiri_Kamwala
Siponji ya mbale imagwira mchenga koma fumbi losalala limadutsa ngati madzi m'dengu. Masiki sikhala bwino m'mphepete, ndipo ikayamwidwa n'kukalowa ku fani mwagula vuto lalikulu. Kuyendetsa popanda fyuluta ndiye musayerekeze, ngakhale kamodzi. Ena amakana okha kuyamba fyuluta ikasowa, koma otchipa amangoyenda mpaka mota kudzaza fumbi.

Amayi tembenuzani kamakina chagada, pansi pali chomata cholembedwa nambala ya mtundu wake. Jambulani, ndipo yezani fyuluta yakale ndi lula, m'litali, m'lifupi ndi kukhuthala kwake. Makampani ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito zikombole zofanana, ndiye kawirikawiri mumapeza ya dzina lina yokwana ndendende. Tumizani zithunzizo kwa mlamu wanu, kapena yendani nayo yakaleyo m'mashopu a zamagetsi mu tauni muzifanizira ndi maso. Mukapeza, gulani zingapo nthawi imodzi.

Wakummawa_Original
Ndipo masiku amene akudikirawo azisesa ndi chiyani? Ndikufuna wina alitchule dzina lake.

Naphiri_Chalala
Ndi tsache achimwene, mwapambana, kagoneni.

Naphiri_Chalala
Ndabweranso abale patatha masiku khumi ndi awiri, ndikuuzeni mmene zinathera. Tsiku lomwe lija nditaweruka ndinachita monga a Mmisiri ananenera, kuunika ndi tochi pa kanjira kochokera ku burashi. Munali kasokosi ka mwana wanga wamng'ono, kopindika ngati chitsekerero, kumbuyo kwake kutaunjikana tsitsi, pepala la switi ndi kachivundikiro ka bolopeni. Kasokosi kameneka ndinakafuna mu Ogasiti mpaka ndinakalipira mkulu wake kuti ndi amene anataya. Ndiye kuchepa mphamvu kunayambira pamenepo, ine n'kudzaonjezera ndi madzi anga.

Kachitseko ka Aunty ndinakapezanso, kanali komata mbali imodzi, ndikuganiza kuti ndi phala la mwana. Fyuluta nditaigogoda sipanagwe kanthu, inali gwa ngati bisiketi, ndipo m'makwinya munali timadontho takuda. Sindinaibwezere. Mlamu anapeza zokwana potengera nambala ya pansi ija, anatumiza zinayi ndi mnzake wobwera pa basi, ndinakatenga ku Intercity dzulo. Lero m'mawa kayenda mphindi makumi anayi, ndipo nditatsegula kabokosi m'pulasitiki ya buledi munali fumbi lodzaza mpaka pakamwa, m'nyumba imene ndakhala ndikusesa ndi tsache tsiku lililonse. Bambo a kunyumba anaima n'kumayang'ana, sananene kanthu, anangosuntha nsapato zawo panjira.

Mwana wamkulu uja ndamupepesa, wati kupepesa kwenikweni ndi ayisikilimu ya ku East Park.

AuntyMtendere
Mugulireni ndithu, ameneyo ndikumumvetsa.

Mmisiri_Kamwala
Zikomo pobwera kudzatiuza amayi, ambiri akathandizidwa amangosowa. Lembani tsiku la lero ndi maka m'mbali mwa fyuluta yatsopanoyo kuti musadzaiwale. Yakaleyo ngati simunataye, ikeni m'pulasitiki mundisungire chimango chake, pali bambo wina ku Chilenje ali ndi kofanana ndi kanu ndipo akusowa poyezera.